"Side effect" kapena "backfire": kusankha mawu a zotsatira zosafunidwa

Munthu akachita chinthu n'kutulukapo zomwe sanafune, Chingerezi chili ndi mawu awiri amene ophunzira amawasokoneza kawirikawiri. Kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi: kodi cholinga chija chakwaniritsidwa?

Ngati chakwaniritsidwa koma chabwera ndi china chapambali, nenani "side effect". Mankhwala ena a chimfine amaumitsa mamina koma amagonetsa tulo. Tuloto ndiye "side effect". Mawuwa ndi dzina, choncho amafuna mneni: "The drug has side effects." Chapambalicho chikhozanso kukhala chabwino. Lembani "effect", osati "affect".

"Backfire" ndi mneni, ndipo ndi wolemera kwambiri. Amanenanso za injini ikaphulika mu paipi yotulutsira utsi, koma pa zochita za anthu amatanthauza kuti cholinga chatembenuka n'kupweteka mwiniwake. Kampani ikaopseza mtolankhani kuti abise nkhani, kuopsezako n'kuchititsa anthu ambiri kuifunafuna nkhaniyo, tinena "The threat backfired." Apa palibe ubwino uliwonse.

Pa mneniyu m'pamene ambiri amapunthwa. Satenga dzina mwachindunji, motero "It backfired him" n'kulakwa, pamafunika "on": "It backfired on him." Chiganizo ngati "The plan was backfired" nachonso sichimveka, chifukwa palibe amene amaichita "backfire" pulani, imatembenuka yokha.

Timadandaula tikaona "backfire" akulembedwa pa kavuto kakang'ono. Wowerenga amaganiza kuti ntchito yonse yagwa, chonsecho yayenda bwino ndipo chavuta n'chapambali chabe.