Kukonza nyumba m'madera otetezedwa ku New York: mmene Landmarks Preservation Commission imagwirira ntchito

Mukagula nyumba ku Brooklyn Heights, ku Greenwich Village kapena ku SoHo, khoma loyang'ana kumsewu si lanu nokha. Musanasinthe zenera, musanachotse chitseko, ngakhale musanamate mipata ya pakati pa njerwa, muyenera kupeza chilolezo ku Landmarks Preservation Commission, bungwe la mzinda wa New York loteteza nyumba ndi madera a mbiri yakale, lomwe anthu amangolitchula kuti LPC. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1965 anthu atakwiya ndi kugumulidwa kwa siteshoni ya sitima ya Pennsylvania Station, komwe kunayamba mu 1963. Chaka chomwecho cha 1965, Brooklyn Heights inakhala dera loyamba kutetezedwa. Lero bungweli limayang'anira nyumba ndi malo oposa 37,000.

Maganizo athu ndi awa: ntchito ya bungweli ndi yabwino kwambiri pa zinthu zing'onozing'ono zimene zimapha nyumba pang'onopang'ono, koma imalemera kwa mwininyumba wopanda ndalama zolembera katswiri.

Zilolezo zilipo zitatu zikuluzikulu. Certificate of No Effect ndi ya ntchito yofunanso chilolezo cha Department of Buildings (nthambi ya mzinda yoona za zomangamanga) koma yosakhudza maonekedwe otetezedwa, monga kusintha mapaipi kapena zipinda zam'kati. Permit for Minor Work ndi ya ntchito yakunja yosafuna chilolezo cha Department of Buildings, monga kutsuka khoma kapena kubwezeretsa mazenera mmene analili. Certificate of Appropriateness ndi ya kusintha kwakukulu: kuwonjezera nsanjika, kugumula, kumanga chatsopano. Lamulo limapatsa bungweli masiku ogwira ntchito 30 pa choyamba, 20 pa chachiwiri ndi 90 pa chachitatu. Apa ndiye ambiri amakhumudwa, chifukwa masikuwa sayamba kuwerengedwa tsiku limene mwapereka pempho, amayamba pamene bungwe lanena kuti mapepala anu akwana. Pempho lopanda zithunzi zooneka bwino likhoza kukhala milungu ingapo wotchi isanayambe n'komwe.

Mapempho pafupifupi 95 pa 100 aliwonse amavomerezedwa ndi ogwira ntchito mu ofesi, osafika kwa makomishonala, omwe ndi akuluakulu a bungweli. Ogwira ntchitowa ndiwo chuma chenicheni cha bungweli, ndipo luso lawo limaonekera pa nkhani ya matope omangira. Njerwa za nyumba za m'zaka za m'ma 1800 n'zofewa, ndipo zinamangidwa ndi matope a laimu amene amalola chinyontho kutuluka. Kontirakitala wothamanga amabwera ndi simenti yolimba n'kumata nayo mipata yonse. Chinyontho chikasowa potulukira chimadutsa mu njerwa, nyengo yozizira madziwo amaundana n'kufufuma, ndiye nkhope ya njerwa imayamba kunyotsoka. Patapita zaka zochepa mumapeza simenti ili gwa, njerwa zitakumbika mozungulira. N'chifukwa chake ogwira ntchito a LPC amafuna muwauze kasakanizidwe ka matope anu. Pa khoma lakale anthu amagwiritsa ntchito muyezo umodzi wa simenti, umodzi wa laimu ndi 6 ya mchenga, kapena, ngati njerwa n'zofewa kwambiri, umodzi wa simenti, iwiri ya laimu ndi 9 ya mchenga. Matope akale amakumbidwa kuzama kokwana kawiri kapena kawiri ndi theka m'lifupi mwa mpatawo. Galayinda ikagwiridwa ndi munthu wosasamala imadya m'mphepete mwa njerwa, mipata n'kukula, khoma lonse n'kusintha nkhope. Choncho amafuna muyambe mwakonza kachigawo kakang'ono, iwo aone mtundu ndi kamatidwe, kenako mupitirize. Anthu ena amaona ngati n'kuwataitsa nthawi, koma khoma lowonongedwa ndi galayinda silibwerera.

Kutsuka khoma pouluzira mchenga ndi mphepo yamphamvu a LPC salola, ndipo akulondola. Kumachotsa khungu lolimba limene njerwa inapeza mu uvuni, n'kusiya mkati mofewa pamtetete.

Mwala wa brownstone uli ndi vuto lakelake. Ndi mwala wamchenga wokhala ndi magawo osanjikizana, ndipo omanga ambiri akale ankauimika magawowo atayang'ana kumsewu. Madzi akalowa, mwalawo umasendeka ngati makungwa. Kukonza kwake n'kusema mpaka kufika pa mwala wolimba, kenako n'kumata mosanjikiza, gawo lomaliza litasakanizidwa mtundu wofanana ndi mwalawo. Kuupaka penti yotseka kumangobisa matendawo, chinyontho n'kumadya mkati.

Pa mazenera amayang'ana kagawidwe ka magalasi, katsegulidwe, chimene apangira, makulidwe a mafelemu ndi mtundu wa penti. Zenera lomwe linali ndi magalasi awiri pamwamba ndi awiri pansi silingalowedwe m'malo ndi galasi limodzi lalikulu pakhoma lakumsewu. Umboni wabwino koposa ndi zithunzi zimene boma la mzinda linajambula nyumba za mumzindawu pa nkhani ya msonkho pakati pa 1939 ndi 1941, komanso m'zaka za m'ma 1980. Zimasungidwa ku Municipal Archives, malo osungira zolemba zakale za mzindawu. Pezani chithunzi cha nyumba yanu musanaitanitse zenera lililonse, chifukwa chimathetsa mikangano yambiri isanayambe.

Nkhani ikakula n'kufika kwa makomishonala, zinthu zimachedwa ndipo zimadula. Makomishonala alipo 11, osankhidwa ndi meya. Pakati pawo payenera kukhala akatswiri ojambula mapulani a nyumba osachepera atatu, katswiri wa mbiri yakale, wodziwa kukonza mapulani a mzinda kapena malo, wogulitsa nyumba, komanso munthu wokhala m'chigawo chilichonse mwa zigawo zisanu za mzindawu. Pempho limafuna mavoti 6 kuti lidutse. Musanafike kumeneko mumayembekezeredwa kukaonetsa mapulani ku komiti ya dera lanu, imodzi mwa makomiti 59 a mzindawu. Maganizo a komitiyi ndi uphungu chabe, koma makomishonala amawamva. Ngati mukufuna kuwonjezera chipinda padenga, mumaimika chimango cha matabwa kapena mapaipi chosonyeza msinkhu ndi kukula kwake, nthawi zambiri chitakutidwa ndi ukonde wa mtundu wowala, kuti aone ngati chikuonekera kumsewu. Cholakwika chofala n'kujambula chimangocho mutaima kutsogolo kwa nyumba basi. Ogwira ntchito amayenda mpaka pamphambano ndi m'misewu yam'mbali, ndipo kumeneko n'kumene chipindacho chimatulukira poyera. Musaiwale zotchingira zam'mphepete mwa denga ndi makina oziziritsa mpweya, nazonso zimawerengedwa.

Chofooka cha gawoli n'chakuti mawu akuti "choyenera", omwe makomishonala amaweruzira nawo pempho la Certificate of Appropriateness, alibe muyezo wa tepi. Makomishonala akhoza kukubwezani kuti mukakonzenso mapulani, ndipo ulendo uliwonse ndi ndalama zina kwa wojambula mapulani. Kampani yaikulu yomanga imapirira zimenezi mosavuta. Banja lokhala ndi nyumba imodzi limamva kuwawa. Mphamvu ya bungweli payokha si yokayikitsa, popeza mu 1978 Khoti Lalikulu la United States linagamula mokomera mzinda pa mlandu umene kampani ya Penn Central inasumira mzindawu chifukwa cha kutetezedwa kwa siteshoni ya sitima ya Grand Central Terminal.

Musayese kugwira ntchito mwakabisira. Bungweli limayamba ndi kalata yochenjeza, kenako samani ndi chindapusa, ndipo mlanduwo umatsalira pa nyumbayo ngakhale itagulitsidwa. Wogula asanasaine, afufuze ngati pali mlandu wotere, chifukwa ukhoza kutsekereza zilolezo zina mpaka utakonzedwa. Ntchito ikatha pemphani Notice of Compliance, pepala lotsimikiza kuti zomangidwa zikugwirizana ndi zimene zinavomerezedwa, ndipo mulisunge pamodzi ndi mapepala a nyumbayo.