Seti ya sola ya m'katoni: panelo ndi yabwino, batire ndi inveta ayi

Ndemanga yangayi ndi ya seti ya sola ija amagulitsa zonse pamodzi m'katoni: panelo ya mawati 200, batire ya 100Ah, kontolola (kachipangizo koyang'anira moto wolowa mu batire) ndi inveta (chipangizo chosintha moto wa batire kukhala ngati wa magetsi a m'nyumba). Ndinaigula m'shopu ina pa Dedza boma kuti ndizitchajira anthu mafoni komanso kuyendetsera makina ometera kuno ku Bembeke, poti pamene ndili mawaya a magetsi sanafike. Ndikuipatsa nyenyezi ziwiri pa zisanu, ndipo ziwirizo ndi za panelo yokha.

Panelo ilibe vuto. Nyengo ya kuno mu June ndi July mukuidziwa, chifunga chimagona mpaka dzuwa litakwera, komabe kontolola imaonetsa kuti moto ukulowa ndithu. Inagwapo mvula yamatalala, galasi silinang'aluke.

Batire ndiye yandipweteka mtima. Poyamba inkafika usiku ili ndi moto. Pasanathe miyezi ingapo inayamba kufa dzuwa likangolowa, m'mbali mwake n'kutupa ngati mtanda wa mandasi. Mmisiri wa zamagetsi atainyamula anati yapepuka kwambiri kuti ikhale ya 100Ah, ndiye kuti mtovu uli m'katimo ndi wochepa kusiyana ndi zomwe analemba kunjaku. Inveta nayo tsiku lina inangotulutsa utsi, n'kupsereza mafoni awiri a makasitomala. Eni mafoniwo sadziwa za kampani, amadziwa ine, choncho ndinawalipira za m'thumba mwanga.

Nditabwerera kushopu, mwini wake anangoloza pa lisiti. "Achimwene, chidindocho mwachiwerenga? Katundu akatuluka pakhomo pano sabwerera." Apa ndi pamene ndikufuna anzanga mumvetse, chifukwa ambiri tikauzidwa mawu amenewa timangotembenuka n'kumapita. Chidindo chimenecho si lamulo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda lomwe linakonzedwanso mu 2024. Bungwe la CFTC, lomwe limayang'anira zimenezi, lakhala likunena kuti wamalonda saloledwa kudzichotsa pa mlandu wa katundu woonongeka pongopachika chikwangwani kapena kudinda lisiti, ndipo lamulo latsopanoli linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa. Nditawauza mwini shopu kuti ndikalemba kalata ku CFTC, mawu anasintha. Batire anandisinthira. Koma za inveta ndi mafoni opsa aja anakanitsitsa, ati iwo sapanga mainveta, ndikafunse amene anapanga.

Amene anapangayo ndikamupeza kuti? Pakatoni palibe dzina la fakitale, palibe adiresi, palibe dzina la amene anaitanitsa katunduyu kunja. Chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS sindinachionepo.

Mchimwene wanga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo zimene anandifotokozera za kumeneko zinandionetsa pamene ife tikuchepekedwa. Lamulo la ku South Africa la 2008 limati katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6, wogula ndiye amasankha yekha: amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Chinanso chachikulu n'chakuti katunduyo akavulaza munthu kapena akaononga chinthu china, monga mafoni aja, wopanga, woitanitsa kunja ndi wogulitsa onse angathe kuimbidwa mlandu, popanda wodandaulayo kusonyeza kuti wina analekerera. Mawu oti "ndikafunse wopanga" kumeneko sagwira. Ku Britain, lamulo la 2015 limapatsa wogula masiku 30 obweza katundu woonongeka n'kulandira ndalama yake yonse. Maiko a mu European Union amapereka zaka 2 zoti wogulitsa aziyankhabe pa katundu amene wagulitsa.

Makhoti athu amatsatira kwambiri malamulo amene tinatengera kwa Angelezi, ndipo m'malamulowo muli mlandu wotchuka wa 1932 wa mayi Donoghue wa ku Scotland, yemwe anapeza nkhono yovunda m'botolo la chakumwa. Chigamulo chake chinati wopanga chinthu ali ndi udindo kwa munthu amene adzachigwiritse ntchito, ngakhale awiriwo sanagulitsanepo kanthu maso ndi maso. Mfundoyo ndi yabwino. Koma wometa wa ku Bembeke angasumire bwanji fakitale yopanda dzina ya kutsidya kwa nyanja? Maganizo anga ndi akuti amene walowetsa katundu m'dziko muno ndi amene wamuika pashelefu azisenza udindowo, chifukwa ndi okhawo amene ife tingawafikire ndi mapazi, ndipo phindu analidya ndi iwowo.

Ndinenepo za anzanga amene amakagula masola ku Vila Ulongwe kapena kungodumpha msewu kulowa mbali ya Mozambique poti kumeneko nthawi zina amatsika mtengo. Nakonso lamulo loteteza ogula liliko, la 2009, koma dandaulo lake mukalipereka m'maofesi akonko, m'Chipwitikizi. CFTC singakulondolereni ndalama yanu kutsidyako.

Batire yatsopanoyi pakali pano ikugwira bwino, ndipo ikulemera kuposa yoyamba ija. Inveta ndinagula ina kwa wamalonda wina amene anavomera kulemba walanti pa lisiti pamodzi ndi nambala ya chipangizocho. Amene akufuna seti ngati yangayi, ndingati agule panelo yokha, batire ndi inveta akafune payekhapayekha, ndipo batireyo ainyamule kaye m'manja asanalipire. Za mafoni aja sindinazisiye: zithunzi za inveta yopsa, lisiti ndi kalata ya mmisiri ndaziika pamodzi, ndipo dandaulo ndikulitumiza ku CFTC ku Lilongwe sabata ino.