Malo ogula mabotolo ndi zitsulo cha ku Kachere, ndapitako kanayi

Alamu anga amatola ku mtaya wa Mzedi, uja wa mumsewu wa ku Zomba mukangodutsa Limbe, ndiye mwezi wathawu anaponda galasi mwendo nkutupa, ndine ndimawanyamulira matumba kokagulitsa. Malowa ndi kampanda chabe ka malata, olo chikwangwani palibe, koma aliyense wotola amawadziwa.

Chandisangalatsa kwambiri ndi sikelo. Amaipachika poyera, makilo umaona wekha ndi maso ako. Kwina komwe ankapita kale mnyamata wake amaima kutsogolo kwa sikelo nkungotchula nambala, ukati ndione nawo akuti sunthani fungo lanu likutithawitsira anthu. Kuno eni ake amawaitana alamu anga kuti mayi, moni wapamanja kumene. Mwina inu muona ngati zazing'ono, koma munthu woti mu minibasi anzake amamufutukira kutali, ana a maneba amamukuwiza kuti wamisala chifukwa cha thumba kumsana, moni umenewo amakaufotokoza mpaka kunyumba.

Ali ndi lamulo loti mwana sagulitsa nthawi ya sukulu. Ndinaona mnyamata wina wogona m'makhonde a mashopu ku Limbe atafika 9 koloko ndi mabotolo ake, anamubweza kuti ubwere anzako akaweruka. Zinandipweteka zedi poti amaoneka kuti sanalawe kanthu, komanso kumubweza kokha sikumulowetsa m'kalasi, pulayimale amati ndi yaulere chiyambire 1994 koma yunifomu ndi makope wotola azitenga kuti? Komabe sindinama, mwana wa alamu anga yemwe anasiyira Sitandade 4 nkumathamangira malole a khonsolo mu utsi muja, pano m'mawa amapita kusukulu poti akudziwa kuti sangagulitse, kutola ndi masana.

Zondidandaulitsa zilipo. Madzi osamba m'manja palibe, anthu agwira zonyansa tsiku lonse akungogula mandasi pageti nkumadya choncho, chidebe chimodzi ndi kasopo abale chingawasaukitse? Makatoni akanyowa amadula makilo mopyola muyezo. Ndalama nazo zimawathera masana, Loweruka tinabwerako ndi kapepala kokha nkukatenga Lolemba, ana anagonera phala.

Ngati muli ndi m'bale wanu wotola muuzeni azilawirira, ndipo zitsulo, mabotolo ndi makatoni azipatula ali kunyumba, akasakaniza amamubweza kumbuyo kwa mzere.