Kumene ofuna kusiya mowa amakumana kuno ku Johannesburg

Abale anga a kumudzi, za ku Joni ambiri mumazidziwira pa katundu wotsika m'basi ndi ndalama za pa Mukuru, koma nkhani ya mowa sitikuuzani, chonsecho ndiyo yasandutsa ambiri a ife matchona. Munthu wokhala yekha m'kachipinda ka lendi, kutali ndi mkazi wake, ankhoswe ndi akulu a mpingo, alibe womudzudzula, ndipo shabini amaipeza pakhomo pomwepo akaweruka. Ineyo zinandifika poti m'mawa manja ankanjenjemera ndikapanda kumwako pang'ono, ndipo foni yochokera kumudzi ndinkangoiyang'ana osayankha.

Namwino wina wa pa kiliniki ndiye anandiuza za gulu la Alcoholics Anonymous, limene ambiri amangoti AA. Gululi linayamba mu 1935 ku Akron m'dziko la America, pamene amuna awiri, Bill Wilson ndi Dr. Bob Smith, anaona kuti chidakwa chimamvera msanga chidakwa chinzake kusiyana ndi munthu amene vutolo sanalilawepo, ndipo kuno ku South Africa linafika mu 1946. Kupeza msonkhano n'kosavuta: mukalemba dzina la gululi ndi dzina la dera lanu pa intaneti, pamatuluka mndandanda wosonyeza tsiku, nthawi ndi malo. Misonkhano ina ndi yotseguka kwa aliyense, ngakhale m'bale wongoperekeza, pamene ina ndi ya okhawo amene akufuna kusiya mowa. Chovuta ndi mayendedwe, chifukwa yambiri imachitika madzulo m'maholo a matchalitchi, nthawi imene maminibasi ayamba kusowa, ndipo kuyenda pansi usiku mumzinda uno ndi kuputa dala achifwamba. Ine ndinasankha wa Loweruka masana, kufupi ndi nyumba imene ndimasamalira maluwa.

Chimene chimatiletsa ambiri a ife ndi mantha a mapepala, pakuti wobwera amazolowera kuti khomo lililonse limayamba ndi kufunsa pasipoti ndi pemiti. Pa msonkhano wa AA palibe amene anandifunsapo chitupa, dziko lochokera, kapena dzina la bambo anga. Munthu amatchula dzina lake loyamba lokha, ndipo chofunika n'chakuti akhale ndi mtima wofuna kusiya kumwa. Kulowa n'kwaulere. Chakumapeto kumayenda kadengu koponyamo ndalama yolipirira holo ndi khofi, ndipo amene alibe amangokapereka kwa mnzake popanda womuyang'ana. Ndinapeza mipando yoyalidwa mozungulira ndi ketulo ikuwira pakona, ndipo bambo wina wachizungu waimvi, wofanana ndithu ndi mabwana amene timawagwirira ntchito, anandithirira tiyi n'kundifunsa kuti shuga masipuni angati. Bambo yemweyo pambuyo pake anafotokoza mmene ankabisira mabotolo m'galimoto, ndipo mabodza amene ankauza mkazi wake anali omwe aja ine ndinkauza mayi a kunyumba pa foni.

Sindinganene kuti zonse n'zokoma. Misonkhano yambiri imachitika m'Chingelezi, ina m'Chizulu kapena m'Chiafrikaans, ndipo chisoni chofotokozedwa m'chinenero cha eni chimatuluka chopepuka kusiyana ndi mmene chikulemerera mumtima. Komabe palibe wokakamizidwa kulankhula, ndipo kumvetsera kokha kumathandiza. Kuyambira mu 2020, chaka cha mliri wa korona chimene boma linaletsa kugulitsa mowa kwa kanthawi, misonkhano yambiri imachitikanso pa Zoom, pulogalamu yokumanirana pa intaneti, ngakhale kuti kwa anthu ogona anayi m'chipinda chimodzi chinsinsi chimavuta, ndiponso bandulo imatha msanga. Anzanga ena opemphera amati kupita kumeneko n'kusowa chikhulupiriro, koma ine ndimaona kuti akulakwitsa, chifukwa gululi si mpingo ndipo silichotsa munthu kutchalitchi kapena kumzikiti kwake. Limangopereka masitepe 12 oti munthu atsatire, ndi mnzake amene wakhala nthawi yaitali osamwa, woti azimuimbira foni chilakolako chikamugwira Lachisanu la malipiro. Salumbiritsa munthu kuti sadzamwanso mpaka imfa; amati lero lokha usamwe.

Pali chenjezo limene ndikupempha kuti mulifikitse kwa m'bale wanu aliyense ali kuno. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha m'chipinda, chifukwa thupi likhoza kuyamba kuphupha ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe, mwinanso kufa kumene. Ayambe wapita kukiliniki, kapena ku bungwe la SANCA limene limathandiza anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, popeza a AA si madokotala ndipo sapereka mankhwala.

Inu amayi amene amuna anu ali kuno, dziwani kuti palinso gulu la Al-Anon la achibale a zidakwa, ndipo misonkhano yake ina mukhoza kuilowa pa foni muli kumudzi. Nkhani ya m'bale wanu musaiponye pa gulu la WhatsApp la banja lonse, chifukwa manyazi amamubweza kushabini. Mutumizireni dzina la gululi payekha. Ngati wabwerera kumudzi ali nalo vutoli, a St John of God ku Mzuzu amathandiza anthu ofuna kusiya mowa, chimodzimodzinso chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba.