Miyezi 14 ndi Odoo: zimene ndaona posamalira seva ndi detabesi yake

Mu Meyi 2023 tinaika Odoo 16, pulogalamu yoyendetsera bizinesi, mtundu waulere wotchedwa Community, pa seva imodzi ya mu ofesi ya holoselo imene ndimagwirako ntchito ku Limbe. Anthu 18 amaigwiritsa ntchito tsiku lililonse pogulitsa, polemba katundu wolowa ndi wotuluka mu sitoko, ndiponso pokonza maakaunti. Milungu yoyambirira ndinkayamikira kuphweka kwake, ndipo mpaka lero ndikuiyamikirabe, koma miyezi 14 yandionetsa kuti ntchito yaikulu ya wosamalira ili pansi pa pulogalamuyi, mu PostgreSQL, detabesi yokhayo imene Odoo imagwira nayo ntchito.

Vuto loyamba linaoneka patatha miyezi isanu. Akauntanti athu akangoyamba kutulutsa lipoti lalikulu, anzathu a pakauntala ankadikira nthawi yaitali kuti invoisi imodzi itseguke, makasitomala ali pamzere. Cholakwa chinali changa, chifukwa ndinasiya workers, chiwerengero cha ntchito zimene Odoo ingagwire pa nthawi imodzi, pa 0 monga imabwerera. Malangizo a Odoo amati muchulukitse ma CPU ndi 2 n'kuwonjezerapo 1, choncho seva yathu ya ma CPU anayi ikanatha kunyamula workers 9. Nditakonza zimenezi apakauntala anapuma, koma lipoti lija linayamba kudukira panjira likafika masekondi 120, amene ndi malire a limit_time_real, nthawi imene Odoo imalola kuti ntchito imodzi itenge. Kukweza malirewo kunali kosavuta, komabe kukanangobisa matenda. Nditayatsa pg_stat_statements, chida cha PostgreSQL choonetsa kumene nthawi ikuthera, ndinaona kuti nthawi yambiri inkathera pa tebulo la maakaunti lotchedwa account_move_line, ndiponso kuti shared_buffers, gawo la RAM limene PostgreSQL imasungiramo zimene ikuwerenga, inali ikadali pa 128MB pamene makinawo ali ndi RAM ya 16GB. Ndinaikweza kufika pa 4GB, gawo limodzi mwa magawo anayi, monga amalangizira a PostgreSQL eni ake.

Panalinso china chimene ndinachimvetsa mochedwa. PostgreSQL ikasintha mzere wa mu tebulo imalemba mzere watsopano, wakalewo n'kutsala pomwepo mpaka autovacuum, ntchito yodziyendera yokha yochotsa mizere yakufa, itabwera kudzasesa. Mwachizolowezi autovacuum imadikira kuti mizere yakufa ifike pafupifupi 20 peresenti ya tebulo, ndipo pa tebulo lalikulu umenewo ndi mtolo wolemera kwambiri. Ndinatsitsa muyesowo pa matebulo otanganidwa okha, monga stock_move ndi account_move_line. VACUUM FULL, lamulo lolembanso tebulo lonse kuti mizere yakufa ichoke, ndinaigwiritsa ntchito kamodzi kokha, Lamlungu usiku, popeza imatseka tebulo lonse mpaka itamaliza.

Chimene chinandisowetsa tulo kwenikweni ndi nkhani ya backup, kope la zonse losungidwa padera. Tsiku lina magetsi anazima masana, batire la UPS n'kutha jenereta isanalizidwe, ndipo seva inazima anthu ali pakati polemba. Itayakanso, PostgreSQL inawerenga WAL, kaundula amene imalembamo kusintha kulikonse isanakhudze matebulo, ndipo chilichonse chimene chinali chitasungidwa chinabwerera bwinobwino. Mantha a tsikulo anandichititsa kuyesa, kwa nthawi yoyamba, kubwezeretsa backup yathu pa kompyuta ina. Maakaunti onse analipo, koma malisiti ojambulidwa, makalata a ogulitsa katundu ndi zithunzi za katundu sizinkatseguka. Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndinkadalira pg_dump, chida chokopera detabesi yokha, usiku uliwonse, osadziwa kuti Odoo imasunga mafayilo otere kunja kwa detabesi, mu foda yotchedwa filestore, ndipo tebulo la ir_attachment limangosunga dzina ndi malo a fayiloyo. Diski ikanawonongeka tsiku limenelo, tikanataya mapepala amene oyendera mabuku amafunsa chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo tinalibenso makope ake.

Kuyambira pamenepo detabesi ndi filestore zimakopedwa limodzi, kope lina n'kutumizidwa kunja kwa ofesi, ndipo Loweruka loyamba la mwezi ndimabwezeretsa zonse pa makina oyesera n'kutsegula mainvoisi angapo pamodzi ndi mapepala ake. Pobwezeretsa ndimasankha neutralize, imene imazimitsa kutumiza maimelo ndi ntchito zodziyendera zokha, kuti kope loyeserera lisatumizire makasitomala zikumbutso za ngongole. Ndikupempha aliyense amene akusamalira Odoo kuti ayese zimenezi sabata ino, chifukwa uthenga woti backup yatheka sunena kanthu za zimene zili m'katimo.

Si mavuto onse amene anali a makina. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabilu angapo a katundu wogulidwa m'madola analembedwa ndi mtengo wakale wosinthira ndalama, popeza palibe amene anapatsidwa udindo wolowetsa watsopano. Pulogalamu inawerengera molondola zimene inapatsidwa, ndipo kukonza mabiluwo kunatitengera masiku awiri. Tsopano ntchito imeneyo ili ndi mwini wake.

Funso limene latsala ndi la kukweza mtundu. Odoo imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse n'kumasamalira mitundu itatu yomaliza, ndipo 17 inatuluka mu Novembala 2023. Ogwiritsa ntchito Enterprise, mtundu wolipira, kampani ya Odoo imawasamutsira detabesi, pamene ife a Community timadalira OpenUpgrade, chida chosamutsira detabesi cha bungwe la Odoo Community Association. Tili ndi mamodyulo awiri (zigawo zowonjezera pa pulogalamuyi) amene tinalembetsa tokha, ndipo ayenera kukonzedwa kaye kuti agwirizane ndi mtundu watsopano. Ndauza abwana kuti ndikanasankhanso Odoo lero, koma ndawapempha kuti tikhalebe pa 16 mpaka kusamutsa kutatheka kawiri pa makina oyesera, akauntanti atafananitsa mabalansi a mbali zonse ziwiri n'kusaina.