Miyezi isanu ndi itatu ndikumanga nyumba ya a Mario

Nditangogula PS4 yakale kwa mnzanga wa ku Kapata ndinalemba kuti chokoma mu Assassin's Creed II, gemu ya Ubisoft ya 2009, ndi kulumpha pamadenga a mzinda wa Florence ku Italy. Mawu amenewo ndabweza. Chimene chandigwira mpaka lero ndi nyumba yakumudzi ija, Villa Auditore ya ku Monteriggioni.

Ezio, mnyamata amene umamuyendetsa m'gemuyi, amafikako bambo ake ndi abale ake awiri atapachikidwa mu 1476. Amathawira kwa a Mario, bambo ake aakulu. Ife Achewa tikanalunjika kwa amalume, koma mnyamatayu anachita Chingoni. Amapeza mudzi uli bwinja: mawindo okhomedwa matabwa, nyumba yakuda bii, masitolo ambiri otseka. Ukayamba kuikamo ndalama, banki, chitsime, mgodi ndi tchalitchi zimatsegulidwa, telala ndi dokotala amatsitsa mitengo, anthu nkuyamba kudzaza m'misewu. Ine amene nyumba yanga ya ku Katete yakhala pa window level zaka zitatu, ndinkamva kukoma kuona chinthu chikutha popanda kukangana ndi womanga za matumba a simenti.

Monteriggioni ndi mudzi weniweni ku Tuscany. Anthu a ku Siena anaumanga m'zaka za m'ma 1210 podziteteza kwa adani awo a ku Florence, ndipo linga lake lokhala ndi nsanja 14 lilipobe. Nyumba ya a Mario yokhayo ndiyo yopeka.

Vuto linaoneka mwezi wachitatu. Claudia, mlongo wake wa Ezio, amasunga buku la ndalama, ndipo mphindi 20 zilizonse bokosi la m'nyumbamo limalandira ma florin, ndalama za m'gemuyi. Ukamaliza kukonza zonse, ndalama zimachuluka mpaka kusowa chogula. Zithunzi zonse ndinagula, zida zonse ndinapachika, basi. Komanso bokosi likadzaza silionjezeranso, ndiye umayenera kubwerera kukatapa, ulendo womwe pano umanditopetsa. Malaiti akapita uli pakati pa njira, ndiye usanene.

Chomwe sichinazilale ndi chipinda chapamwamba. Amayi ake a Ezio, a Maria, amangogwada pambali pa bedi, osalankhula chichitikire maliro aja. Ezio amatola nthenga, poti mng'ono wake Petruccio ankazikonda, nkumaziika m'kabokosi ka m'chipindamo. Zilipo 100. Ndinatha masabata asanu ndi limodzi ndikuzisaka, ndi mwana wa achemwali anga atagwira foni kundiwerengera mapu. Titaika yomaliza, amayi aja analankhula. Mwanayo anangoti, "Amalume, bwezani tionenso."

Sabata yatha ndayamba Brotherhood, gemu yotsatira Assassin's Creed II. Gemu isanapite patali, mu 1500, mdani wa Ezio, Cesare Borgia, wafika ku Monteriggioni ndi mizinga, wagumula linga, wapha a Mario. Ndinazima TV nkutuluka panja. Sevu ya gemu yoyamba ija sindinafufute, mmenemo masitolo onse akadali otsegula.