Pixel 8a: foni imene loko wake amatseguka n'kutsekekanso

Google Pixel 8a inatuluka mu Meyi 2024 pa mtengo wa madola 499, ndipo mukaiyika pambali pa mafoni ena a mtengo umenewo siichititsa kaso. Kumbuyo ndi pulasitiki, sikirini yake ya mainchesi 6.1 yazunguliridwa ndi mkombero wakuda wonenepa, ndipo imatchaja pa mawati 18 okha, kotero batire yake ya 4,492 mAh imadzaza mwaulesi. Poika memori khadi palibe, pobaya mahedifoni a chingwe palibenso. Purosesa yake, Tensor G3, imatentha mukajambula vidiyo kwa nthawi yayitali, makamaka masana a Okutobala. Wofuna foni ya magemu apeza yothamanga kuposa iyi kwa makampani ena pa ndalama yomweyo. Kamera ya mamegapikiselo 64 ndi yabwino ndithu, koma si imene tikuyesa pano.

Ndemanga ino ndi ya anthu amene amagula foni n'cholinga chochotsamo Android ya kampani n'kuikamo ina, kapena kuchita root, kutanthauza kudzipatsa mphamvu zonse pa pulogalamu ya foniyo. Kwa iwo funso loyamba ndi la loko wa foni, wotchedwa bootloader. Kameneka ndi kapulogalamu koyamba kudzuka mukayatsa foni, ndipo kamagwira ntchito ya mlonda wa pageti: kamayang'ana ngati Android imene ikufuna kulowa ili ndi siginecha ya kampani. Bootloader ikakhala yotseka, chilichonse chopanda siginechayo chimabwezedwa. Ikatsegulidwa mungathe kufulasha chimene mukufuna. (Kufulasha kwa amisiri a mafoni, kumene ndi kulemba pulogalamu yatsopano m'kati mwa foni, osati kuja koimba n'kudula kuti mnzanu akuimbireni.)

Pa Pixel 8a kutsegula n'kwa mphindi khumi, ndipo simupempha chilolezo kwa munthu. Lowani mu Settings, pitani pa About phone, dinani Build number kasanu ndi kawiri. Mu System mutuluka Developer options. M'menemo yatsani OEM unlocking ndi USB debugging. Foni iyenera kukhala pa intaneti nthawi imeneyi, chifukwa imayamba yafunsa kwa Google ngati ili yololedwa kutsegulidwa. Pa kompyuta ikani platform-tools yatsopano yochokera kwa Google (mapulogalamu a adb ndi fastboot olamulira foni kudzera pa chingwe), ndipo ngati muli pa Windows ikaninso Google USB Driver. Lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwe; kuti ilowe mu fastboot lembani pa kompyutapo adb reboot bootloader, kapena zimitsani foni n'kuyatsa mutagwira batani lochepetsera mawu. Lembani fastboot devices kuti muone ngati kompyuta yaiona foni. Ikaoneka, lembani fastboot flashing unlock, sankhani pa foni ndi mabatani a mawu, n'kuvomereza ndi batani loyatsira. Zonse za m'foni zimafufutika pomwepo: zithunzi, mauthenga a WhatsApp, manambala. Izi n'zadala, kuti wakuba asatsegule bootloader n'kuwerenga za mwini wake. Sungani zinthu zanu kwina musanayambe.

Pamene anthu ambiri amagwa mphwayi ndi pa fastboot devices, pomwe kompyuta imangoti zii. Kawirikawiri vuto ndi chingwe. Zingwe zambiri zotchipa ndi zotchajira basi, kapena zimadula uthenga pakati. Gwiritsani ntchito chingwe chabwino, chibayeni mwachindunji pa kompyuta osadzera pa hub, ndipo chikakana yesani pobaya pena. Chachiwiri ndi platform-tools yakale imene yakhala pa laputopu zaka zitatu. Chachitatu ndi magetsi: fulashani pa laputopu yodzaza batire, foni nayonso itapitirira theka, chifukwa magetsi akathima pamene bootloader ikulembedwa foni ikhoza kusanduka njerwa.

Tsopano msampha waukulu kwa ogula kuno kwathu. Google sagulitsa Pixel mwachindunji ku Malawi kapena ku Zambia; zimene zili m'mashopu ndi pa Facebook n'zobwera ndi amalonda, zambiri zogwiritsidwapo kale ntchito ku America. Pixel yogulitsidwa kudzera ku kampani ya Verizon siitseguka bootloader, ngakhale italola simu khadi ya netiweki iliyonse. Anthu amasokoneza zinthu ziwirizi. Wogulitsa akati "ndi unlocked" amatanthauza kuti Airtel ndi TNM zigwira. Za bootloader mwina sazidziwa n'komwe. Ndiye muyeseni foniyo musanapereke ndalama: ilumikizeni pa intaneti, tsegulani Developer options, onani ngati batani la OEM unlocking likusuntha. Likakhala lotuwa losadinika ngakhale patapita kanthawi foni ili pa intaneti, isiyeni. Ngati mwatenga laputopu, fastboot flashing get_unlock_ability imayankha 1 pamene batanilo layatsidwa, 0 pamene njira ili yotseka. Palibe mmisiri wa pamsika amene angakutsegulireni ya Verizon, ngakhale alumbire bwanji.

Kutsegula kokha sikungapatse foniyi ulemu wapadera, popeza mafoni ena a Motorola, Sony, Nothing ndi Fairphone nawonso amatseguka. Chimene Pixel ili nacho ndi njira yobwerera. Google amaika poyera ma factory image (mafayilo a Android yonse ya kufakitale) a Pixel iliyonse, update iliyonse ikatuluka. A Pixel 8a mumawapeza pansi pa dzina lakuti akita. Fayilo imodzi imakhala ya magigabaiti angapo, choncho konzekerani bandulo. Palinso Android Flash Tool, imene imagwira ntchito mu Chrome: mubaya foni, musankha mtundu wa Android, iyo ichita zotsalazo. Mukalakwitsa pofulasha ROM (Android yokonzedwa ndi anthu ena osati kampani ya foniyo), bola foni ikulowabe mu fastboot, mumaibwezeretsa nokha kunyumba osapempha akaunti ya malo okonzera mafoni a kampani.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimasowa pa mafoni ambiri, loko amatsekekanso muli Android yachilendo. Pixel imalola kuika kiyi wanu pamalo otchedwa avb_custom_key, kotero mlonda uja amazindikira siginecha yatsopano n'kupitiriza ntchito yake. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene GrapheneOS, ROM yoika chitetezo patsogolo, yakhala ikupangidwira ma Pixel okha. Kuika GrapheneOS pa 8a n'kosavuta kuposa ROM ina iliyonse: tsamba lawo lili ndi mabatani otsatizana, kutsegula, kutsitsa, kufulasha, kutseka. Gawo lomalizalo musalidumphe. Foni ikamayaka imaonetsa chenjezo lachikasu lakuti muli Android ina, ndipo zimenezo n'zoyenera. Chenjezo la mtundu wa lalanje limatanthauza kuti bootloader idakali yotsegula, ndipo aliyense woigwira foniyo ali ndi chingwe akhoza kusintha za mkati. Mu GrapheneOS, Google Play imaikidwa ngati pulogalamu wamba yopanda mphamvu zapadera, ndipo mapulogalamu ambiri amayenda bwinobwino. Tsiku lobwerera ku Android ya Google, kumbukirani fastboot erase avb_custom_key musanatseke.

LineageOS, ROM ina yotchuka, mdzukulu wa ROM ya CyanogenMod imene inatha kumapeto kwa 2016, iliponso ya akita. Koma pano lamulo ndi lina: musatseke bootloader muli LineageOS. Mlonda sadzaizindikira siginecha, foni idzakana kuyaka, ndipo ngati munazimitsanso OEM unlocking mwadzitsekera kunja kwa nyumba yanu kiyi ali mkati. Chimodzimodzi pa foni ya root. Pa root ya Magisk (pulogalamu yochitira root), fayilo yosintha pa 8a ndi init_boot.img, osati boot.img monga zinalili pa mafoni akale; malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera mafoni akalewo ndipo amasocheretsa. Tengani init_boot.img mu factory image yofanana ndendende ndi build number imene ili m'foni, ikonzeni mu Magisk pa foni yomweyo, kenaka fastboot flash init_boot. Mukatenga ya mwezi wina, foni ikhoza kumangozungulira pa chizindikiro cha G.

Pali dzenje limodzi pa 8a lofunika kulidziwa bwino, chifukwa mukagweramo simutuluka. Foniyi ili ndi magawo awiri, slot A ndi slot B; pulogalamu yatsopano imalembedwa ku gawo limene silikugwira ntchito, foni n'kusamukira kumeneko. Mu Meyi 2025 Google anakweza nambala ya anti-rollback ya bootloader pa banja la Pixel 6 ndi la Pixel 8, kuphatikizapo 8a. Tanthauzo lake n'lakuti foni ikangoyaka ndi bootloader yatsopanoyo, yakale siidzaloledwanso. Vuto n'lakuti gawo linalo likhoza kukhala lidakali ndi bootloader yakale. Mukafulasha chinthu cholakwika foni n'kulephera kuyaka kangapo, imathawira yokha ku gawo linalo, imapezako bootloader yoletsedwa, n'kufa osafikanso ngakhale mu fastboot. Mankhwala ake ndi osavuta koma ndi oyambirira: foni ikayaka bwino ndi pulogalamu yatsopano, ikaninso OTA yathunthu (fayilo ya update ya Google) kudzera mu adb sideload kuti magawo onse awiri akhale ndi bootloader yatsopano. Eni Pixel 6 anakumana ndi zomwezi mu 2022 pa Android 13. Ndipo musafulashe factory image yakale chifukwa chongoti ndi imene munatsitsa kale.

Zotayika zilipo, ndipo si zazing'ono. Play Integrity, imene inalowa m'malo mwa SafetyNet, imauza mapulogalamu ngati foni ili ndi Android yovomerezeka ndi Google. Bootloader yotsegula imalephera mayeso apamwamba, GrapheneOS nayo imangokhoza gawo loyamba ngakhale ili yotseka. Kulipira pogunditsa foni ndi Google Wallet kumasiya, ndipo mapulogalamu ena a mabanki amakana kutseguka. Pali ma module onamiza mayesowa, koma ndi mpikisano wa mphaka ndi khoswe: lero agwira, mwezi wamawa Google watseka. Musakhazikitse moyo wanu wa ndalama pa iwo. Zodzera pa USSD, monga Airtel Money ndi Mpamba pa makodi a nyenyezi, sizikhudzidwa chifukwa sizifunsa Google. Dziwaninso kuti m'mayiko amene Pixel siigulitsidwa mwalamulo, VoLTE ndi 5G nthawi zina sizigwira pa netiweki zina. Yesani ndi simu khadi yanu musanagule.

Kuti muone kufunika kwa zonsezi, yang'anani kumene anzathu ena anakhazikika. Xiaomi inali nyumba ya okonda ma ROM kwa zaka zambiri, ndipo Poco F1 ya 2018 idakatchulidwabe mwaulemu. Masiku a MIUI, Android yakale ya Xiaomi, munkalumikiza akaunti, kudikira maola 168, n'kutsegula ndi Mi Unlock. Chibwerereni HyperOS, imene inalowa m'malo mwake, kumapeto kwa 2023, muyenera kupempha kudzera mu Xiaomi Community, akaunti ikhale ya masiku osachepera 30, ndipo malo a tsiku ndi owerengeka. Amatsegulidwa pakati pa usiku nthawi ya ku Beijing, imene ndi 6 koloko madzulo ku Lilongwe, n'kutha m'kanthawi kochepa. Mukapambana mudikiranso maola 72, ndipo kuyambira 2025 akaunti imodzi imaloledwa foni imodzi pa chaka. Huawei anasiya kupereka makodi otsegulira mu 2018. Asus anachotsa pulogalamu yake yotsegulira mu 2023. Samsung ali ndi Knox, kafyuzi kamene kamapsa kamodzi mukafulasha zachilendo, ndipo Secure Folder ndi Samsung Wallet sizibwereranso ngakhale mubwezeretse zonse. Mu 2025 One UI 8 inabwera itachotseratu batani la OEM unlocking. OnePlus, imene foni yake yoyamba mu 2014 inkabwera ndi CyanogenMod kuchokera kufakitale, lero ili kutali ndi mzimu umenewo chisakanizireni OxygenOS ndi ColorOS ya Oppo. Tecno, Itel ndi Infinix, zodzaza m'misika yathu, zili ndi ma ROM ochepa kwambiri opangidwira izo.

Anthu amene anakangamira dzina la kampani chifukwa cha foni imodzi yabwino ya zaka zapitazo ndi amene apwetekedwa kwambiri, ndipo Google sayenera kupembedzedwa m'malo mwake. Mu Juni 2025, potulutsa Android 16, Google anasiya kuika ma device tree a Pixel mu AOSP, nkhokwe yapoyera ya khodi ya Android, monga ankachitira kale. Ma device tree ndiwo amafotokozera Android mmene ziwalo za foni inayake zilili, ndipo opanga ma ROM ankangowatenga okonzeka. Tsopano akuyenera kudzikonzera okha zambiri, zomwe zikhoza kuchedwetsa ma ROM Android yatsopano ikatuluka. Bootloader ya 8a idakatseguka monga kale, ndipo lonjezo la zaka zisanu ndi ziwiri za ma update likuifikitsa mu 2031, zomwe n'zofunika ngakhale kwa a GrapheneOS, chifukwa firmware (pulogalamu ya m'kati mwa ziwalo) ya modemu ndi ya chipu cha Titan M2 imachokera kwa Google basi. Kampani ikasiya kuikonza, palibe ROM imene ingatseke maenje a m'menemo.

Kwa wofuna GrapheneOS kapena wongoyamba kumene kufulasha, 8a ndi yoyenera kugula, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wotsika. RAM ya magigabaiti 8 ikukwanira. Ngati mumasunga ma factory image ndi zosunga za foni m'kati momwemo, tengani ya magigabaiti 256 osati 128, popeza memori khadi siilowa. Wodalira pulogalamu ya banki tsiku lililonse afufuze kaye ngati pulogalamuyo imayenda pa ROM imene akufuna, apo ayi asunge foni yachiwiri yosakhudzidwa. Ndipo pa shopu, kuwonjezera pa batani la OEM unlocking, onetsetsani kuti mwini wakale anachotsamo akaunti yake ya Google. Foni yofufutidwa akaunti idakalimo imafunsa pasiwedi ya mwiniyo, ndipo simungafike n'komwe ku Developer options.